Boma likadzisankhira wolitsutsa

Chisankho cha pa 19 Meyi 2009 chinapatsa a Bingu wa Mutharika mphamvu zimene mtsogoleri wina aliyense anali asanazigwirepo chibwerere ndale za zipani zambiri mu 1994. Pa mavoti 100 alionse, 66 anali awo. Chipani chawo cha DPP chinakokolola mipando yoposa 110 mwa mipando 193 ya m'Nyumba ya Malamulo. MCP inatsala ndi mipando yosakwana 30, UDF n'kupulumutsako 17 yokha. Ambiri mwa aphungu amene anaima paokha sanachedwe kulengeza kuti akakhala mbali ya boma.

Pa Namadzi, monganso m'Chiradzulu monse, ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anasangalala, ndipo zifukwa zinalipo. Feteleza wa makuponi anali atabweza chimanga m'nkhokwe itadutsa njala ya 2005. Chinanso, anthu anali atatopa nawo otsutsa. Kuchokera mu Febuluwale 2005, pamene a Mutharika anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, zipani za MCP ndi UDF ndizo zinali ndi aphungu ambiri, ndipo mphamvuyo sizinkaigwiritsa bwino nthawi zonse. Mu Epulo 2005 zinakana kuvomereza mayi Mary Nangwale, mzimayi woyamba kusankhidwa kukhala mkulu wa apolisi. Mu Juni chaka chomwecho Sipikala Rodwell Munyenyembe anakomoka ali pampando, mkangano wofuna kuchotsa pulezidenti uli mkati, ndipo anamwalira patangopita masiku ochepa. Mu 2007 ndi 2008 otsutsa anakakamira kuti gawo 65 la malamulo a dziko, loletsa phungu kusintha chipani ali m'Nyumba, liyambe lagwira ntchito, bajeti ibwere pambuyo. Bajeti ya 2007 inadutsa mu Seputembala, chaka cha boma chitayamba kale mu Julayi. Mlimi amene ankadikira kuponi mvula ikuyandikira sakanawaombera m'manja anthu oterowo.

Ndiye pamene zotsatira za 2009 zinkalengezedwa pa wailesi, ambiri anati basi, womanga boma miyendo palibenso. Zimene zinatsatira m'zaka zitatu zokha ndizo tikufuna tikumbutsane, chifukwa dziko lathu lili ndi Nyumba ya Malamulo yatsopano, ndipo m'dera lathu lino chipani chimene ambiri anavotera chabwereranso m'boma.

M'masabata oyamba a Nyumba yatsopano mumagawidwa maudindo amene anthu akumudzi sitimawalabadira kwenikweni. Maso athu amakhala pa mndandanda wa nduna, kuti kodi wakwathu alimo. Koma pali mipando ina imene imalamula mmene zaka zisanu ziyendere. Sipikala ndiye amaloza woti alankhule ndi woti akhale pansi, ndiyenso amagamula za gawo 65. Mtsogoleri wa mbali yotsutsa ndiye amayamba kuyankha pulezidenti akatsegulira zokambirana, ndipo amakhala nawo m'komiti yokonza zoti Nyumba ikambirane. Ndiye pali makomiti: yolondoloza mmene ndalama za boma zagwirira ntchito, imene mwa chizolowezi imatsogoleredwa ndi phungu wotsutsa, younika anthu amene pulezidenti wawasankha m'maudindo akuluakulu, monga akazembe ndi mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB, yoona za bajeti, ndi yoona za malamulo. Mipando imeneyi ndi imene imagwira boma pamkono likafuna kupyola malire.

Mu 2009 Sipikala anakhala a Henry Chimunthu Banda a DPP. Pamenepo panalibe chodabwitsa, poti chipani chawo ndicho chinali ndi aphungu ambiri. Chodabwitsa chinadza pa mpando wa mtsogoleri wa otsutsa. Kuyambira 1994 aliyense ankadziwa kuti mpandowu ndi wa chipani chachikulu mwa zipani zimene sizili m'boma, ndipo chipanicho ndicho chimanena munthu wake. Potero unali wa a John Tembo, pulezidenti wa MCP. Koma mu MCP munali mpungwepungwe. Aphungu ena, makamaka achinyamata, ankati a Tembo agonja kawiri, mu 2004 ndi mu 2009, choncho atule pansi udindo. Mbali ya boma inaona mng'alu umenewu ndipo inalowetsapo chala. Malamulo oyendetsera zokambirana anasinthidwa kuti mtsogoleri wa otsutsa azisankhidwa ndi Nyumba yonse, aphungu a boma omwe. Mu Novembala 2009 voti inachitika, ndipo anapambana ndi a Abele Kayembe, phungu wa MCP wa dera la kumadzulo kwa Dowa. Mavoti amene anawakweza anachokera kwambiri ku mbali ya boma.

Kuno kummwera ambiri sanaone vuto. A Tembo sanali munthu wokondedwa kuno; dzina lawo linkakumbutsa anthu za ulamuliro wa chipani chimodzi ndi za bajeti zochedwa zija. Ena anaseka, ena anati wakula nazo. Koma nkhani sinali ya a Tembo, ndiponso sinali ya a Kayembe. Aliyense amene anagulitsapo nandolo kwa mavenda pa Namadzi akudziwa kuti mkangano umagona pa sikelo. Venda akaloledwa kudzisankhira yekha munthu woyesa sikelo yake, woyesayo angakhale wa mapemphero chotani, mlimi wabedwa kale. Boma limene lavotera wolitsutsa lachita chimodzimodzi, chifukwa munthu sangaloze chala amene anamukhazika pampando.

A Tembo anakamang'ala ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo mu Meyi 2010 bwalolo linagamula kuti kasankhidwe kaja kanali kosemphana ndi malamulo. Anabwerera pampando wawo. Komabe uthenga unali utamveka kale m'Nyumba monse: boma lili ndi aphungu okwanira kuchita chilichonse, ngakhale kulowa m'khitchini mwa otsutsa, ndipo wofuna zabwino akhale chete.

Mabilu anayamba kudutsa mothamanga. Mu Julayi 2010 mbendera ya dziko inasinthidwa, dzuwa lofiira lotuluka n'kuchotsedwa, m'malo mwake n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu, ati chifukwa dziko linali litatukuka. Mipingo ndi mabungwe anadandaula kuti anthu sanafunsidwe mokwanira, koma palibe anamva. Lamulo la apolisi linasinthidwa kuti azitha kuchita chipikisheni popanda chikalata cha khoti. Gawo 46 la malamulo a milandu linapatsa nduna mphamvu zoletsa nyuzipepala kapena buku limene ndunayo yaona kuti silili bwino kwa anthu. Lamulo la makhonsolo linasinthidwa kuti aphungu azivota nawo m'makhonsolo, pamene makhansala eniake kunalibe: nthawi yawo inatha mu 2005 ndipo chisankho china chinkangoimitsidwa mpaka 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi munthu wa pa Namadzi analibe khansala woti akamufunse za mjigo wowonongeka, zimbudzi za pamsika kapena mlatho wokokoloka.

Mu Juni 2011 kunabwera bilu yoletsa makhoti kupereka chiletso kwa munthu wosumira boma boma lisanamvedwe mbali yake. Apa ngakhale m'kati mwa DPP munatuluka mawu. A Henry Phoya, loya amene anakhalapo nduna ya zachilungamo, anaitsutsa biluyo poyera, ndipo a Lifred Nawena a ku Thyolo anaikananso. Biluyo inadutsabe, ndipo awiriwo anachotsedwa m'chipani. Onani mmene zinayendera: chimene chinayamba ndi kupeputsa otsutsa a chipani china chinafika pothamangitsa ana a m'nyumba momwemo. Wachiwiri kwa pulezidenti, mayi Joyce Banda, anali atachotsedwa kale mu DPP mu Disembala 2010 pamodzi ndi a Khumbo Kachali. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma nthawi imeneyo aliyense wotsina khutu ankatchedwa mdani.

Mtengo wa zonsezi unalipidwa kunja kwa Nyumba ya Malamulo. Mu Epulo 2011 boma linathamangitsa kazembe wa dziko la Britain, a Fergus Cochrane-Dyet, ndipo maiko otithandiza anaimitsa ndalama zothandizira bajeti. Boma linabweretsa bajeti yoti tidzidalire tokha, misonkho n'kukwera ngakhale pa zinthu za tsiku ndi tsiku. Ndalama zakunja zinasowa, mafuta agalimoto n'kusowanso. Pa msewu wa Limbe kupita ku Zomba anthu ankaima nthawi yaitali kudikira minibasi, chifukwa galimoto zinkagona pa mizere ya mafuta, ndipo yopezekayo inkatchula mtengo wake. Kumtunda kwa msewu womwewu, ku Chancellor College, maphunziro anasokonekera kwa miyezi yambiri mkulu wa apolisi ataitanitsa mphunzitsi, a Blessings Chinsinga, kukawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi. Madandaulo amene akanayenera kumveka m'Nyumba ya Malamulo anatulukira mumsewu pa 20 Julayi 2011, ndipo anthu 20 anaphedwa. Mavutowa sanasankhe chigawo. Amene anavotera boma ndi mtima wonse anafola nawo pa mzere womwewo wa mafuta, shuga anamugula pa mtengo womwewo.

Nkhani imodzi ya nthawi imeneyo ikuonetsa bwino ntchito ya phungu wotsutsa. Kumayambiriro kwa 2012 boma linauza Nyumba kuti bajeti ikuyenda bwino, misonkho yatoleredwa yokwanira. A George Nnesa, phungu wa ku Balaka wa chipani chaching'ono cha Mafunde, anaimirira n'kunena kuti si zoona, bungwe lotolera misonkho la MRA lachita kukongola ndalama ku mabanki kuti ziwerengero zioneke zokongola. Mbali ya boma inakana kwamtuwagalu. Patangopita miyezi yochepa, boma litasintha, nduna ya zachuma a Ken Lipenga anavomera kuti ngongoleyo inatengedwadi. Munthu mmodzi wa chipani cha mpando umodzi ndiye ananena zoona, aphungu oposa 100 a mbali ya boma ali phee.

Pa 5 Epulo 2012 a Mutharika anamwalira mwadzidzidzi, ndipo pa 7 Epulo mayi Joyce Banda analumbira. Aphungu amene dzulo lake ankalumbira kuti adzafera DPP anakhamukira ku chipani cha mayi Banda cha PP. Mu Meyi Nyumba yomweyo, ndi anthu omwewo, inabweza mbendera yakale, ndipo malamulo aja a gawo 46 ndi a ziletso anafafanizidwa. Manja amene anakwezedwa povomereza ndi omwewo anakwezedwa pochotsa. DPP, imene inatha zaka zinayi ikulimbana ndi gawo 65, inapezeka ikulembera Sipikala kuti agwiritse ntchito gawo lomwelo pa aphungu ake othawa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo boma latsopanolo, lodzaza ndi aphungu osamukira, silinachedwe kugwa m'dzenje lake: mu Seputembala 2013 kunaphulika nkhani ya Cashgate, mabiliyoni a ndalama za misonkho atatuluka ku Capital Hill polipira katundu ndi ntchito zimene kunalibe.

Kuvotera wokutsutsa ndi njira imodzi chabe yophera mbali yotsutsa. Ina, yakale kwambiri kuno kwathu, ndi kuitanira atsogoleri ake kumphika. Mu 1994 UDF inapeza mipando 85 mwa 177, MCP 56, AFORD 36. Otsutsa onse pamodzi anali ochuluka. Chaka chisanathe a Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa AFORD, anali m'boma, ndipo malamulo anasinthidwa kuti pakhale mpando wa wachiwiri kwa pulezidenti wachiwiri. Mu 1995 Nyumba inafafaniza gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu zochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Atatuluka m'boma a Chihana mu 1996, nduna zina za AFORD zinakana kutuluka nawo, ndipo chipanicho sichinabwererenso mwakale. Mu Julayi 2002 bilu yoti pulezidenti aziimira kopanda malire inabwera m'Nyumba kudzera mwa phungu wa AFORD, a Khwauli Msiska, ndipo a Tembo ndi a Chihana, atsogoleri a zipani zotsutsa, anaivomera. Inalephera ndi mavoti atatu okha. Aphungu ochepa amene anakana kutsatira mabwana awo tsiku limenelo ndi amene anasunga malire a zaka khumi amene tili nawo lero.

Mu Disembala 2017 Nyumba inakana mabilu okonza zisankho, kuphatikizapo yoti pulezidenti azipambana ndi mavoti oposa theka. Mu Febuluwale 2018 zinadziwika kuti K4 biliyoni yaikidwa padera kuti ipite m'madera a aphungu 86, ndipo anthu ambiri anakhulupirira kuti inali mphotho ya voti ija. Otsutsa anakwiya, koma mkwiyo wawo unazirala atagwirizana kuti ndalamayo igawidwe kwa aphungu onse 193. Anatsala akudandaula ndi mipingo, mabungwe ndi atolankhani. Chisankho cha 2019 chinachitika pa malamulo osakonzedwa aja, dziko linakhala pa zionetsero miyezi yambiri, mpaka khoti linachifafaniza pa 3 Febuluwale 2020.

Njira yachitatu safunanso boma kuti livutike: otsutsa amadzimanga okha. DPP italuza pa 23 Juni 2020, mpando wa mtsogoleri wa otsutsa unasanduka bwalo la nkhondo ya m'chipani. A Kondwani Nankhumwa a ku Mulanje anaukhala, utsogoleri wa chipani unafuna a Francis Kasaila, kenako mu 2022 a George Chaponda, ndipo nthawi iliyonse nkhani inkathera pa chiletso cha khoti. Zinatenga mpaka 2024, a Nankhumwa atachotsedwa m'chipani, kuti a Chaponda akhazikike. M'zaka zimenezo K750 miliyoni ya feteleza wotsika mtengo wa AIP inalipidwa ku kampani ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakwirira mudzi wa Ntauchira m'Chiradzulu momwe muno. Anthu ankafuna mawu amodzi olimba ofunsa boma la mgwirizano wa Tonse, lotsogoleredwa ndi MCP, za zonsezi, koma amene akanafunsa ankathera mphamvu zambiri polimbirana mpando.

Akuluakulu a pa Namadzi akudziwa kumene njira zonsezi zimathera, chifukwa anakhalamo m'dziko lopanda wotsutsa. Masiku amenewo Nyumba ya Malamulo inali ku Zomba, ndipo galimoto za aphungu zinkadutsa pano. Kuyambira 1966 chipani chinali chimodzi, ndipo kufunsa funso kunali mlandu. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, anagwidwa ku Zomba atatuluka m'Nyumba ya Malamulo, m'mene miyezi ingapo m'mbuyomo munamveka mawu odzudzula kasakazidwe ka ndalama za boma. Anagonekedwa ku ndende ya Mikuyu, m'mawa mwake n'kupita nawo ku Blantyre, kenako ku Thambani ku Mwanza, kumene anaphedwa. Boma linati inali ngozi ya galimoto. Kafukufuku amene anachitika ulamulirowo utatha anapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Ufulu woti phungu aimirire n'kufunsa kuti ndalama zapita kuti, madzulo n'kukagona kwawo, tinaugula ndi magazi otero.

Taonanso kuti otsutsa akapatsidwa mipando dziko siligwa. Mu 2014 Sipikala anali a Richard Msowoya a MCP, boma lili la DPP. Mu 2019 anali mayi Catherine Gotani Hara, a MCP nawonso, mzimayi woyamba pa mpandowo. Bajeti zinkadutsa, nduna zinkafunsidwa mafunso, boma linkayenda.

Pa 16 Seputembala 2025 a Peter Mutharika a DPP anapambananso upulezidenti. Nyumba tsopano ili ndi mipando 229, DPP sinafike theka payokha, ndipo aphungu oima paokha alipo ambiri zedi. Sipikala ndi a Sameer Suleman a DPP, ndipo MCP yabwerera mbali yotsutsa ili ndi mabala a kugonja. Zinthu zaima mofanana ndi 2009: chipani chopambana ndi mavoti ochuluka, oima paokha ofunafuna pokhala pofunda, ndi chipani chotsutsa chimene anthu ambiri achikwiyira chifukwa cha kukwera mtengo kwa chimanga, feteleza ndi mafuta. Mkwiyo umenewo ndi womveka, ndipo anthu anauonetsa kale pa voti. Koma nthawi yoopsa ndi yomweyi, pamene aliyense akuti otsutsawa alibe choti atiuze, chifukwa ndi pamene boma lingachite nawo chilichonse anthu n'kumaombera m'manja.

Tsono inu amene chipani chanu chili m'boma, chenjezo ili ndi lanu poyamba. Phungu wanu akabwera pa msonkhano, musangomufunsa za mabokosi a maliro ndi malata a tchalitchi. Mufunseni kuti akukhala m'komiti iti, ndipo komiti yolondoloza ndalama za boma akuitsogolera ndani, wosankhidwa ndi yani. Mufunseni kuti anavota bwanji pa bilu yakutiyakuti, ndipo chifukwa chiyani. Ngati munamuvotera ali woima payekha, akuuzeni anafunsa yani asanasankhe mbali yokhala. Mukamva kuti malamulo oyendetsera Nyumba akusinthidwa mwachangu, kapena kuti mtsogoleri wotsutsa wapatsidwa unduna chipani chake chisanakambirane, kapenanso kuti aphungu a mbali zonse agwirizana mwakachetechete pa nkhani ya ndalama zawo, musadikire kuti mafuta asowe ndipo muzindikire.

Inu amene chipani chanu chili mbali yotsutsa, uzani atsogoleri anu kuti mikangano ya mipando aithetsere kunyumba, ndipo asamange bajeti ya feteleza ndi mankhwala pofuna kubwezera. Zimene zinachitika mu 2007 ndi 2008 ndi zimene zinapangitsa anthu kusawamvera chisoni mu 2009.

Chibwerere zipani zambiri, UDF, DPP, PP ndi MCP zonse zalawako boma, ndipo zonse zalawakonso mbali inayo. Lamulo lililonse limene chipani chanu chingakhazikitse lero pofuna kufinya otsutsa, chidzalipeza lili pomwepo tsiku limene chidzaluze, ndipo amene adzakhale m'boma nthawi imeneyo sadzafunika kulemba lina.